Girisi pa Diresi la Ukwati

Atalephera mayeso kachiwiri, mtsikana wina wamasiye anauzidwa ndi amalume ake kuti akadzionere yekha. Anapeza ntchito pamalo ochapira zovala, ndipo ankagona m'kachipinda ka kuseri, pakati pa mabeseni ndi mitolo ya zovala za eni. Anzake a pantchito ankamutcha Nathovu. Iwo akaweruka ankapita kwawo, iye n'kutsala ndi makoma. Lamlungu lonse linkatha osayankhula ndi munthu.

Tsiku lina kunabwera diresi la ukwati lomwe linakhudza girisi wa chitseko cha galimoto. Nathovu analiviika m'madzi n'kuyamba kufikisa ndi mphamvu zonse. Banga lomwe linali ngati chala linafalikira mpaka kukula ngati chikhatho.

"Ukwati ndi Loweruka," anatero abwana ake. "Likapanda kuchoka pofika Lachisanu, ulongedze. Chipindanso usiye."

Anzake anamuthawa ngati ali ndi mphere. Nathovu analira, sindingakubisireni, chifukwa analibe kwina kolowera.

Misozi itauma anatulutsa kope lake lakale la sayansi, phunziro lomwe linamugwetsa pa mayeso aja. Anawerenga zimene analemba yekha. Tizidutswa ta madzi tili ndi mbali ziwiri ngati batire, pozitivi ndi negetivi, n'chifukwa chake timakoka mchere ndi shuga mpaka kusungunuka. Girisi alibe mbali zoterezi, choncho madzi amangokokana okhaokha n'kumusiya. Chomwe chingamusungunule ndi chofanana naye.

Kusukulu ankangoloweza mawuwa ngati nyimbo. Apa m'pamene anawamvetsa.

Anadula tisanza tinayi, anatipaka girisi, n'kutiviika m'makapu anayi: ya madzi, ya viniga, ya sipiriti ndi ya palafini. Ka m'palafini ndiko kanayera bwino, poti palafini ndi mafuta ngati girisi. Anayesa kaye mkati mwa mpendero wa diresi, nsalu sinaonongeke. Kenako anayala kansalu pansi pa banga n'kumadontheza palafini pang'onopang'ono, kuyambira m'mphepete kulowa pakati, kansalu kakada n'kusintha. Pomaliza anachapa ndi sopo, amene mbali ina amagwira mafuta, ina amagwira madzi. Ntchitoyi inamutengera masiku awiri, ali yekhayekha, msana ukuwawa.

Lachisanu abwana anatengera diresi pawindo, analitembenuza uku ndi uku.

"Kodi linali pati?"

"Lipezeni nokha, bwana."

Anafufuza, osalipeza. "Chipinda n'chako," anatero. "Lolemba uwaphunzitse anzakowa."

Lero Nathovu ali ndi malo akeake ochapira, ndipo zovala zimene ena azilephera amazitumiza kwa iye.

Inu amene muli nokha lero, opanda wokufunsani kuti mwadzuka bwanji, dziwani kuti zimene munaphunzira sizinapite ndi mphepo. Mayeso angakukaneni, koma mutu ndi wanu. Limbani mtima, yesaninso, musagonje.