Kamtumbira kapafupi ndi bambo

Mwaswera bwanji nonse.

Masana ano kuno ku Msakambewa kwabwera mayi wina wa ku Burundi, thumba la simenti lili pakabaza. Akuti atathawa nkhondo kwawo, matipate atangoyamba kumene, malemu amayi anamusunga pakhomo pano miyezi itatu.

Ndiye akuti kamtumbira kaja kali pafupi ndi bambo, timakalambula chaka chilichonse n'kumati ndi mlongo wathu Esinati, m'menemo muli mwana wa mayiyu. Akuti anafika mwanayo atamwalira, ndiye amayi athu anauza akulu ampingo kuti Mkhristu sabweza mlendo ali ndi maliro kumsana.

Mayiyu akufuna kumanga chiliza pakamtumbirapo. Ndangomupatsa mpando ndi madzi, mutu wanga sukugwira.

Achimwene a Yohane, inu munali aakulu nthawi imeneyo. Timulole? Nanga Esinati wathuyo anagona pati?