Anati Miphika, Sanati Anthu

Mpeni wa a shehe unali ndi chigwiriro chokulungidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Ankaunola pa mwala mpaka unkameta ubweya wa pamkono, ndipo ankayenda nawo m'kathumba ka nsalu yobiriwira. M'mudzi mwathu kwa Njombwa tonse tinali Akhristu, koma mbuzi ya pamaliro kapena ya paukwati sitinkapha tokha. Tinkaitana a shehe kudzazinga, kuti matenanti a ku Mangochi ndi ku Machinga, omwe ankalima fodya pa esiteti ya kutsidya kwa dambo, adye nafe limodzi. Palibe anakhazikitsa lamulo limeneli. Tinangolipeza.

A shehewo analinso tenanti ngati anzawo, manja akuda ndi utomoni wa fodya. Ndinene mosapsatira kuti sindinkawakonda. Anali munthu wouma, wosadziwa kuseka ndi ana. Zigamulo zawo zinkawawa. Analamula kuti Lachisanu masana pasapezeke Msilamu m'munda, ngakhale masamba atapsa mpaka kuyamba kugwa okha. Ananena kuti kusuta ndi haramu, tchimo pamaso pa Mulungu, chonsecho fodyayo ankalima okha, ndipo anthu ankaseka chakumbali. Analetsa kuimba ponyamula maliro, mpaka Asilamu anzawo anagawikana, ena kumakapemphera paokha pansi pa mtengo wa mango.

Munthuyo anamwalira chaka chatha kwawo. Tsopano pa mafoni anthu akukangana za iye, ambiri mwa iwo sanamuonepo n'komwe. Ena akumusandutsa mngelo, ena chilombo chodana ndi Akhristu. Ndikawerenga magazi amawira. Onsewo ndi abodza, ndipo bodza lachiwirilo ndikudziwa pomwe linabadwira, chifukwa ndinalipo.

Ndinali mu Sitandade 7. Mvula inali itangosiya, fodya ali m'zigafa kudikira kusankhidwa, dera lonse likununkha fungo lija lokanda pakhosi. Kwathu tinkamanga chiliza cha agogo aamuna, ndipo zonse zinali m'manja mwa amalume, eni mbumba, omwenso anali kapitawo pa esiteti ija. M'mawa anapha nkhumba ya anyamata omanga, inaphikidwa m'miphika ikuluikulu iwiri. Mbuzi itafika, amayi ndi anzawo anangopukuta miphika ija ndi masamba, poti madzi anali kutali ndipo alendo anali atayamba kale kukhala pamikeka.

A shehe anabwera, anatulutsa mpeni, kenako anasuzumira mumphika. Anapisamo chala n'kuchinunkhiza. Ine ndinali nditagwira mbuzi miyendo yakumbuyo, choncho ndinamva bwinobwino.

"Miphika iyi najisi. Anthu anga sadya pano."

Anabweza mpeni m'kathumba, ulendo. Matenanti anadzuka mmodzimmodzi, ena akuyang'ana pansi, n'kuwatsatira. Mikeka itatu inatsala yopanda munthu, anthu a midzi ina akuona. Dzuwa lisanapendeke, nkhani inali itazungulira mudzi wonse kuti shehe wanena kuti ife ndife nyansi.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, amalume anandikhazika pakhonde, anang'amba pepala pakati pa kope langa, n'kundiuza kuti ndilembe kalata yopita kwa manijala wa esiteti. Iwo kuwerenga ankatha, koma zolemba zawo zinali ngati mapazi a nkhuku. Cholinga sanabise. Ankafuna kuti a shehe athamangitsidwe fodya asanalowe m'mabelo. Aliyense wokulira kuno akudziwa tanthauzo lake. Tenanti wochotsedwa nthawi imeneyo amakwera lole ndi mkazi, ana ndi ndowa, thukuta la chaka chonse n'kutsala likulendewera m'chigafa.

Poyamba ndinalemba mokondwa. Za Lachisanu ndinalemba, mpaka kukanikiza cholembera. Zoti amanyoza fodya yemwe amatidyetsa ndinalemba. Zoti anachotsa anthu pachiliza ndinalemba. Kenako amalume anati ndilembe kuti anatitchula tonse a m'mudzi muno kuti nyansi. Dzanja linaima.

"Sanatero, amalume. Anati najisi. Ndiponso amanena miphika."

Khofi lomwe linatera pakhutu langa ndimalimvabe kukazizira. Anang'amba pepala lija n'kunena kuti mawa madzulo ndikhale nditachira misala.

Musandiyese mwana wachifundo. Ndikanakondwa kuona a shehe pa lole. Chomwe chinandigwira n'chakuti ndinali nditamva ndi makutu anga, ndipo munthu wamkulu ankandiuza kuti makutu angawo ndi abodza. Mpaka lero ukandiuza zimenezo tiyambana, kaya ndiwe bwana kaya m'busa.

Koma vuto linalipo. Mawu ndinkawateteza aja sindinkadziwa tanthauzo lake. Mwina najisi ndi nyansi yomweyo m'chinenero chawo. Lolemba pa buleki ndinafunsa aphunzitsi. Anasasa choko m'manja n'kunena kuti Chiarabu sanaphunzire, ndipo mawu omwe sukuwadziwa suwalembera munthu m'kalata, kaya pomuteteza kaya pomuneneza. Anati mwini mawu alipo, miyendo ndili nayo.

Nditaweruka ndinawoloka dambo ndi yunifolomu yomweyo, matope mpaka m'mawondo. A shehe ndinawapeza m'chigafa atakhala pa chiguduli, akusankha masamba, ofiirira uku, owala uku. M'katimo munali mdima ndi fumbi loyetsemulitsa. Sanandipatse moni. Ndinafunsa nditaimirira, mwamwano ndithu, kuti najisi n'chiyani, ndipo ngati ife ndife najisi anene pomwepo.

Anayankha osakweza mutu, m'Chichewa chawo chopendekera ku Chiyao. Anati najisi ndi chodetsa chomwe chimachoka ndi madzi, monga magazi, mkodzo, mafuta a nkhumba. Anati miphika ija ikanatsukidwa bwino, mbuzi akanazinga. Munthu sakhala najisi, anatero, munthu amangokhala wosamva. Kenako anawonjezera kuti amalume ankadziwa bwino lomwe kuti Asilamu abwera, nanga nkhumba inkafuna chiyani pamenepo, ndipo iwo sapepesa kwa munthu pa chinthu cha Mulungu.

Ndinatuluka nditapsa mtima kuposa momwe ndinalowera. Ndinkayembekeza kuti afewa, andifunse zomwe zikukonzedwa kumudzi. Ayi ndithu. Anangopitiriza kusankha fodya wawo.

Madzulo amalume anabwera ndi pepala lina. Ndinalemba zonse monga poyamba, osachotsa kanthu, ndipo ndinaonjezamo zoti anakana kupepesa, poti zinali zoona. Pa mzere uja ndinalemba kuti, "Ananena kuti miphika inali najisi, kutanthauza kuti inali ndi mafuta a nkhumba." Amalume anawerenga milomo ikuyenda, anang'amba. Anandipatsa lachitatu. Ndinalemba chimodzimodzi, misozi ikudonthera pa inki, mphuno ikutuluka mamina. Ananditchula galu wa Anasala, anati za sekondale ndiiwale, fizi ndikapemphe kwa shehe wangayo. Ndinati chabwino.

Amayi nthawi yonseyi ankatongola chimanga pafupi ndi nkhokwe, osalowerera, poti mlongo wawo ndiye anali mutu wa banja. Apa anangoti, osasiya kutongola, "Achimwene, mutu wa mwanayu ndi wanu womwe. Mukulimbana ndi galasi." Anaonjeza motsitsa mawu kuti miphika ija anapukuta ndi iwo, ndipo kunena zoona sinayere.

Amalume anapinda kalata ija kanayi, anaiika m'thumba la malaya, n'kukwera njinga osatsanzika.

Manijala anaitana a shehe n'kuwakalipira za Lachisanu, poti ndi zokhazo zinkakhudza fodya wake. Za miphika akuti anaseka, nati iye sanalembedwe ntchito yoweruza za kukhitchini. A shehe anadinda mabelo awo ngati wina aliyense ndipo anakhala pa esiteti ija zaka zina zingapo. Zikomo sananenepo. Tikakumana panjira ankandidutsa ngati chitsa. Sanasinthe chigamulo ngakhale chimodzi, ndipo zina mwa izo ndimaziona kuti zinali zankhanza mpaka pano. Ndikauza anthu a pa mafoni aja zonsezi, mbali zonse ziwiri zimandikwiyira. Akwiye. Sindichotsapo kanthu, sindiwonjezapo kanthu.

Masiku amenewo ndinkayenda modzitukumula. Ndinkauza anzanga kusukulu kuti ndinagonjetsa kapitawo ndi cholembera, kuti anasowa pothawira chifukwa wolemba bwino m'banja ndinali ine ndekha. Sizinandibwerere m'mutu kuti pa ofesi ya esiteti panali kalaliki, mnzawo wa amalume wosewera naye bawo, yemwe akanalemba nyansi kakhumi konse popanda kufunsa funso. Kuti akafike kwa manijala, amalume anayenera kudutsa pa tebulo lake. Anadutsa osaimapo, kalata yanga ili m'thumba.