Phulusa la ku Boyila ndi Poto wa Apongozi

Ndinagwira ntchito yosonkheza moto pa boyila ya fakitale ya tiyi kuno ku Honde kwa zaka zambiri. Ntchito yake ndi kuponya zipika za bulugamu m'ng'anjo kuti nthunzi iumitse masamba, kenaka n'kukatuta phulusa. Pakati pa chipika ndi chinzake pamakhala kanthawi kongokhala, ndipo kanthawi kameneko ndi kamene kanandipatsa matenda owerenga. Sukulu ndinalekeza giredi faifi, koma matumba a feteleza, nyuzipepala zokulungira mabanzi, ngakhale malangizo a mankhwala a nkhupakupa pomwe ng'ombe ndilibe, zonsezo ndinkawerenga mpaka mzere womaliza.

Chaka china kunabwera mtsikana wa pa koleji ku Mutare kudzaphunzira ntchito m'fakitale. Pochoka anandisiyira mtolo wa mapepala ake, ati poti sekuru, ndiko kuti agogo, mumakonda kuwerenga. M'menemo ndinapezamo nkhani ya zeolaiti. Ndinalimbana nayo masabata atatu, dikishonale yanga yopanda chikuto ili pambali. Zomwe ndinatolapo ndi izi: phulusa louluka m'chumuni ukaliphika maola ambiri ndi soda woyabwa uja wopangira sopo, limasanduka ufa wa timiyala tokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Timabowoto timakola zinthu. Ukathira ufawo m'madzi umagwira zoipa, ukauthira m'munda umasunga feteleza kuti mvula isamukokolole.

Aliyense wolima nthochi kwathu ku Mandeya akudziwa kuti feteleza wathu timathirira mtsinje. Uthire lero, mawa mvula yatsika m'phiri, feteleza uja wawoloka kupita ku Mozambiki wopanda chiphaso. Ndiye ine, munthu wotaya phulusa ndi wilibala tsiku ndi tsiku, ndinadziona ngati wakhala akutaya golide.

Ndisabise, pepalalo linkanena za phulusa la malasha, pomwe ife timawotcha nkhuni. Ndinaziona ndithu, koma ndinati phulusa ndi phulusa. Munthu wodziphunzitsa yekha amakhala mphunzitsi ndi mwana wasukulu yemwe, ndipo mphunzitsi wangayo anali wachifundo kwambiri pochonga.

Chinasowa ndi chophikiramo. M'nyumba mwathu muli poto mmodzi wamkulu wa aluminiyamu, amene mayi akunyumba amamutchula kuti panela, monga ankatchulira amayi awo. Apongozi angawo anamusenza pamutu kuchokera tsidya lija la Mozambiki nthawi ya nkhondo, mwana ali kumbuyo, zina zonse atazisiya. Potoyo saphikira wamba. Amatsika pamwamba pa kabati pakakhala maliro, ukwati kapena msonkhano wa mpingo. Ndipo Loweruka la sabata imeneyo kunkabwera akuchimuna kudzakamba za mwana wathu wamkazi. Thobwa lawo linayenera kuphikidwa m'menemo Lachinayi.

Lolemba mayi anapita kukagulitsa nthochi ku Hauna, ine ndili pa ofu. Ndinati ndingobwereka panela maola ochepa, nditsuke, ndibwezere, palibe adziwe. Ndinatapa soda wawo wa sopo, ndinasefa phulusa ndi sefa ya ufa, ndinasakaniza zonsezo ndi madzi mu potomo, n'kukoleza moto kuseri kwa nthochi. Ndinavalanso magolovesi a ku boyila kuti ndioneke wodziwa, ngakhale ondiona anali nkhuku zokha.

Madzi asanatenthe n'komwe, zam'potomo zinayamba kuwira zokha. Thovu lotuwa linkakwera likulira ngati nyama pamafuta. Ine kukondwa, ndinati sayansi yagwira, mpaka ndinalemba nthawi yake m'kope. Nditavundula kachitatu ndinaona moto ukuzima mbali imodzi. Posuzumira pansi, madzi ankadonthera pa nkhuni ngati denga la udzu lokalamba. Ndinaphula msanga, ndinakhuthulira phalalo m'dzenje, n'kutsuka ndi madzi ambiri. Nditamukweza potoyo kudzuwa, pansi pake panali nyenyezi. Timabowo tija tinapezekadi, koma osati mu ufa, ndipo tinkaoneka ndi maso bwinobwino.

Ndinaganiza zomubwezera pakabati n'kudzanamizira ukalamba wake. Koma thobwa likanadontha Lachinayi pamaso pa azimayi a mpingo odzathandiza kuphika, manyazi akanagwera mayi, osati ine. Choncho ndinamukhazika pakhomo, ine n'kukhala pambali pake ngati mboni.

Mayi atafika anatula dengu, anamutembenuza poto, n'kuyendetsa chala pansi pake. Anafunsa chomwe ndinaphika. Ndinayambira kutali, ku chumuni, ndinadzera ku mvula ndi feteleza, ndipo anandilola kumaliza.

"Bambo, zaka zonsezi mumandiona ndikupanga sopo. Munandionapo ndikusungunulira soda mu poto?"

"Ayi, mumasungunulira m'ndowa ya pulasitiki ija."

"Mumayesa ndimaikondera mtundu wake?"

Ndinati pepala silinanene kuti soda amadya aluminiyamu. Anati pepalalo analembera anthu amene amayi awo anawauza kale. Sanakalipe. Anangokhala pansi, poto ali pamwendo, akusisita pomwe panapindika tsiku lomwe apongozi anagwa naye powoloka mtsinje. Bola akanakalipa.

M'mawa mwake ndinakwera kombi ya ku Hauna, panela nditamukumbatira ngati mwana wodwala. Mayi wina wokhala pambali anandifunsa motsitsa mawu kuti maliro ali kwa yani. Pamsika pali mkulu wina wa ku Ruda wokhoma zidebe, mnzathu wolankhula chiNyanja. Anamukweza potoyo kudzuwa nayenso, n'kufunsa ngati ndinamuwombera ndi mfuti ya mbalame. Anati zigamba sizingagwire, pansi ponse papyapyala ngati tsamba la tiyi. Njira inali imodzi, kudula pansipo n'kupindira pena patsopano, koma poto afupika. Ndinavomera, ndinangomupempha kuti popindika paja asawongole.

Ndinakhala pa benchi lake tsiku lonse. Aliyense wobwera ndi ketulo kapena chidebe ankamuuza kuti apereke moni kwa apulofesa ophika phulusa. Ena ankaperekadi moni, mwaulemu, akuwomba m'manja.

Madzulo mayi anathira madzi mu potoyo, anamukhazika pa mafuwa opanda moto, n'kugwada kuyang'ana pansi kwa nthawi yaitali. Sipanadonthe. Kenaka anayeza kutalika kwake ndi dzanja.

"Wafupika."

"Zala zinayi zokha, mayi."

"Zala zinayi ndi makapu angapo. Alendo sangaperewedwe. Amene samwa mukumudziwa."

Loweruka akuchimuna anafika, nkhani inayenda bwino, thobwa linazungulira kawiri ndipo analiyamikira. Mkulu wawo ataona ndagwira kapu ya madzi anafunsa ngati abambo a mwana sakupeza bwino. Ndisanatsegule pakamwa, mayi, atagwada ndi jagi m'manja, anayankha mofatsa kuti abambo akusala, ali ndi chomwe akupepesa. Alendo onse anagwedeza mitu mwaulemu, ndipo mkulu uja anati masiku ano amuna opemphera chonchi ndi osowa.