Mafuta anga a nsatsi anathera m'vani ya esiteti

Ndikukumbukira vani yobiriwira imene ababa ankayendetsa pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Inali yakale kuposa ine, mwinanso kuposa ukwati wa makolo anga. Ntchito yake inali kupititsa migolo ya phala kwa otchola tiyi m'minda, ndi kunyamula odwala kupita nawo ku kiliniki. Chiwongolero chake chinali cholimba moti ababa akamakhota ankachita kudzuka pampando, mitsempha ya m'khosi ili njo.

Vuto linali m'kabokosi kachitsulo ka kumunsi kwa chiwongolero. Labala yake inatha, choncho oilo ankangodontha. Paliponse pamene vaniyo yagona pankatsala kadontho kakuda. Chaka chimenecho a manijala ananena kuti Lolemba adzakwera okha mpaka ku minda ya kumtunda, kumene msewu wake ndi wokhotakhota. Vani ikavuta aigulitsa. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake: nyumba ya pa kompaundi imene tinkagonamo inali ya dalaivala, ndipo popanda vani panalibenso dalaivala. Ku galaja anakana kupereka oilo, amati sangataye mafuta pa galimoto yoti yafa kale.

Sabata yomweyo ine ndimayembekeza kulowa chinamwali. Amama anali atakazinga nsatsi, kusinja ndi kuwiritsa, n'kumayengula mafuta pang'onopang'ono mpaka botolo linadzaza. Anali oti ndidzadzole tsiku lotuluka, chifukwa kwathu namwali amatuluka akunyezimira. Botololo analibisa kuseri kwa mtsuko, koma nyumba ya zipinda ziwiri siibisa kanthu.

Lamlungu amama atapita kutchalitchi, ababa anakweza mateyala akutsogolo ndi jeke n'kuikira zipika za bulugamu. Kunali chiperoni, tiyi yense atabisika mu nkhungu. Anapukuta bokosi lija ndi sanza, anamasula kanati ka pamwamba, anapisamo kamtengo n'kutuluka kouma. Kenaka anaika girizi m'chitini pa mbaula. Ankati girizi payekha amakankhidwira m'mbali mano a zitsulo za m'bokosimo n'kutsala ouma, oilo wamadzimadzi amathawa, chofunika ndi chapakati ngati phala la mwana. Atatero analowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo langa.

"Ababa, amenewo ndi anga," ndinatero.

"Ndikudziwa, Felesiya. Kwera, uzipotokola chiwongolero uku ndi uku mpaka ndikuuze."

Ndinakwera. Iwo anasakaniza mafuta anga ndi girizi wosungunuka uja n'kumathira m'bokosi kudzera m'pepala lopindidwa, ine ndikupotokola mpaka kumapeto, kenaka kubwerera, kuti mpweya utuluke mafuta atsike. Poyamba ndinkachita kulendewera pa chiwongolero. Patapita nthawi chinayamba kumvera, kulira kwake kunasiya, ndipo fungo la nsatsi linadzaza m'vani monse. Ndinkalira, koma sindinasiye kupotokola.

Amama atabwera sanakuwe. Ananyamula botolo lopanda kanthu, analiyang'ana, n'kunena kuti, "Abambo a Felesiya, ndiye galimoto yanuyi ikutuluka liti ku chinamwali, tiitane abale?" Ababa anangopitiriza kumanga kanati. Nkhani inafalikira pa kompaundi dzuwa lisanalowe, ndipo amayi ena ankaima pa mpopi n'kumailulutira vaniyo ikamadutsa.

Lolemba a manijala anakwera, anapita kumtunda, anabwerako. Akuti anangofunsa kuti chikununkha n'chiyani. Vani sanaigulitse.

Nthawi yoyenga mafuta ena panalibe. Tsiku lotuluka anandidzoza mafuta ophikira a m'kapepala ogula ku Goliati. Anzanga ankanyezimira, ine ndinkanunkha zitumbuwa, ndipo mnzanga wina anandinong'oneza zimenezo tili pa mphasa, mitu ili chowerama. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ababa sindinawayankhulitse bwino mpaka mvula itayamba. Iwo sanapepese. Sanali munthu wopepesa ndi pakamwa. Anangoyamba kundisiyira mkute wa tiyi wawo wamkaka m'mawa uliwonse.

Masiku ano chiwongolero amachikhotetsa ndi chala chimodzi, ndipo chikavuta makaniko amachotsa chonse n'kuikapo china. Nsatsi zikungomera m'mabwinja, palibe akuzitola. Mwana wanga atatuluka ku chilangizo cha mpingo anasankha yekha mafuta a m'shopu, ndipo nditamufotokozera nkhaniyi anafunsa chifukwa chimene agogo ake sanangogula oilo.

Anzanga ena amene ananyezimira tsiku lija anachoka pa esiteti chaka chomwecho ntchito za makolo awo zitatha, katundu ali pamutu kulowera ku Mphuka, ndipo sukulu inathera pomwepo. Ine ndinalemba mayeso a Sitandade 8 ndikugona m'nyumba yomwe ija.