Ng'ombe za a mlamu pa webusaiti ya Mayi NyaJere

Lachitatu lapitali ndinali m'minibasi pa Jenda, tikudikira kuti idzaze, pamene foni inalira. Anali Mayi NyaJere, eni nyumba yogona alendo ku Mzimba boma, amene ndinawapangira webusaiti chaka chatha.

"Adada, ndapota, thandizeni! Pa webusaiti palibenso zipinda. Pali ng'ombe zokhazokha!"

Ndinayesa netiweki ikundinamiza makutu. Koma nditatsegula webusaitiyo, ndinapezadi chinkhunzi chitaima njo pamene pankakhala chithunzi cha chipinda chachikulu. Batani losungitsira malo linali litasowa, nambala ya foni itabisala kuseri kwa mchira.

Zinayenda chonchi. A mlamu awo, a Shaba, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Manyamula, anabwera kudzacheza. Ndi munthu wamtima wabwino, uja amathandiza ngakhale pamene sanaitanidwe. Anapempha pasiwedi, ndipo mlamu wamkulu umamukaniza bwanji? Ataona webusaiti ya banja la Chingoni ilibe ndi mwana wa ng'ombe yemwe, anati izi n'zamanyazi. Analowa pa seva penipenipo, kompyuta imene imasunga webusaiti kuti dziko lonse liziiona, n'kuyamba kukonza.

Tsoka ilo, masana omwewo komiti ya ukwati ku Lilongwe inali yoti isankhe kumene alendo akuchikazi adzagone, ndipo inali itanena kuti iona zipinda pa webusaiti.

"Akapeza khola, mbwenu apita kwa anzathu a kutsidya kwa msewu," anatero mayiwo.

Ndinawamvera chisoni kwambiri, ngakhale phwete linali litandifika kale pakhosi.

Mwayi wake, ine sindikonzera webusaiti pa seva. Ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Git, imene ili ngati nkhokwe yosataya kanthu. Ndikasintha chinthu, kaya ndi mtundu wa batani chabe, ndimayamba ndayesa pa laputopu yanga. Ndikakhutira ndimachisunga m'nkhokwemo, n'kulembapo chimene ndasintha ndi chifukwa chake. Seva imakatenga m'menemo. Chatsopano chimakhala pamwamba, koma chadzulo ndi chadzana zimakhalabe zilipo.

Ndinatulutsa laputopu n'kuikhazika pamaondo, chigongono chili pa thumba la anyezi la mayi wina. Kondakitala anasuzumira. "Abwana, ofesi mwatsegulira momwemuno? Ndiye mulipire mipando iwiri." Minibasi yonse inafa nacho chiseko.

Poyamba ndinakusa zonse zimene a Shaba anaika n'kuzisunga padera, pa nthambi yakeyake ya nkhokwe ija. Kenako ndinauza seva kuti ibwerere mmene inalili dzulo. Minibasi isanadzaze n'komwe, zipinda zinali zitabwerera, batani lili pamalo pake.

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Pa ntchito yangayi amaoleka ndithu, koma pokhapokha ngati unatchera chidebe asanatayike.

Ndiye ndakhala ndikuganiza za ife tonse. Kodi a Shaba ndi okha? Bwana watsopano akalowa mu ofesi amayamba n'kugwetsa zonse zimene mnzake anasiya, asanafunse n'komwe kuti anaziikiranji. Komiti yatsopano ya mpingo imadula mitengo imene yakale inabzala, dzuwa likayamba kuwotcha anthu pa maliro ndi pamene aliyense amayang'ana kumbali. Nanga uja amamasula wailesi yoti ikulira bwinobwino, pomanga n'kutsala ndi timisomali m'manja?

Ambiri mwa anthuwa si oipa. Amafunadi kukonza. Vuto n'lakuti timayesera maganizo athu pa chinthu chimene anzathu akudyerapo, ndipo sitisiya njira yobwerera. Zikakanika timangoti "zachitika basi," ngati kuti yachita ndi mvula.

Madzulo a Shaba anandiimbira, mawu ali olemera.

"Mwana wane, ng'ombe zanga mwazipititsa kuti?"

"Zilipo zonse, adada. Palibe yasowa."

Tinagwirizana zopangira ng'ombezo tsamba lawolawo lofotokoza za banja. Ndinalikonza pa laputopu, Mayi NyaJere analiona kaye n'kuvomereza, kenako linapita pa seva kudzera m'nkhokwe muja. Nkhunzi ija tsopano ili ndi malo ake aulemu, ndipo a Shaba akutumizira tsambalo aliyense amene anamuphunzitsapo. Pasiwedi yokha tinaisintha mwakachetechete.

Akomiti ya ukwati anasungitsa zipinda zonse. Mayi NyaJere anandiimbira akuseka: "Yewo chomene, adada! Mtima unali utachoka."

Iwo anapulumuka chifukwa zadzulo zinali zosungidwa. Nanga inu, chimene mukufuna kugwetsa mawa m'dzina lokonza, chikakanika mudzachiimikanso ndi chiyani?