Tsamba Limene Linatsamwitsa Makina a Ezelina

Kodi munadzifunsapo kuti tenanti wochokera kutali, mwana wake akamwalira pa esiteti, amakamuika kuti? Ezelina yankho amalidziwa. Makolo ake anachoka ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti ya a Kalekeni kufupi ndi Chamama. Mlongo wake Lonjezo atamwalira, bwanayo anakaniza galimoto yonyamulira maliro, nawalozera pansi pa kachere kumalire a munda, pomwe matenanti ena anaikanso ana awo. Chaka chomwecho anawathamangitsa mvula ili mkati.

Lero Ezelina ali ndi shopu pa boma la Kasungu, momwe muli makina aatali ngati bedi osindikizira mapulani a nyumba. Dzinja lapitali a Kalekeni analowamo, imvi zili mbuu, mapulani a nyumba yogona alendo ali pa fulashi. Sanamuzindikire.

"Mtsikana iwe, onsewa atuluke lero. Amisiri akundidikira."

"Atuluka, bwana," anatero Ezelina, mtima ukuwira.

Makina anayamba ndi mwano. Pepala linali litamwa chinyontho, ndipo linkangokwinyika m'kati. Ezelina anadula mbali yonyowayo, masamba otuluka n'kumawapachika pa zingwe monga momwe amayi ake ankapachikira fodya m'chigafa. Kenaka makina anangoti zii, ntchito ili pakati. Zikatero, pa mapulani otumizidwa pamodzi pamakhala tsamba limodzi lolemera limene lawatsamwitsa, choncho anayamba kutumiza limodzilimodzi mpaka analipeza. Linali la chithunzi cha malo onse, chojambulidwa kuchokera m'mwamba. Atalichepetsa kulemera, linatuluka pang'onopang'ono: msewu, zigafa, kenaka kachere uja. Pamtengopo panali patajambulidwa dzenje la zimbudzi.

"Pamtengo apa palibe kanthu, bwana?"

"Tchire lokhalokha. Iwe udadzera kudina batani kapena kufunsa mafunso?"

Ezelina akanatha kusokoneza muyeso kuti makoma adzapotoke. Koma kubwezera kotero n'kwachibwana: mmisiri akanakonza, kachere n'kugwabe. Anasindikiza bwinobwino, nawakulungira, nawapatsa ndi manja awiri.

Lamulungu lotsatira anayamba kuyenda m'mipingo ya ku Chamama ndi ku Wimbe, kufunafuna amene anakhalapo matenanti pa esitetiyo kuti awauze za dzenjelo. Anthuwo anasonkhana ndi makasu, nakalambula pansi pa kachere monga momwe anthu amalambulira manda a kwawo. Udzu utachoka, mitumbira ing'onoing'ono inaonekera poyera. Amisiri atafika ndi mapulani awo okongola, anavula zipewa, nabwerera. Ndani angakumbe chimbudzi pamutu pa mwana?

A Kalekeni atamva kuti ndi Ezelina amene anasonkhanitsa anthuwo, anathamangira ku shopu, thovu lili kukamwa.

"Ndiwe mwana wa yani iwe?"

"Wa a Jeremiya, tenanti wanu. Mukajambulitsa ena mubwere nawo, bwana. Pepala ndaumitsa kale."

Alipo amene akuti Ezelina analakwa poulula za kasitomala. Funso n'lakuti, chinsinsicho chinali cha yani, pamene mafupa ogona pamenepo ndi a mlongo wake? Munthu amene anasandutsa malire a munda wake manda sangadabwe manda akamutsekera njira.

Zikumveka kuti a Kalekeni akufunafuna amisiri akutali, osadziwa mbiri ya malowo. Ngati munasiya mwana kapena mbale wanu pansi pa kachere ameneyo, tengani khasu, mukalambule, ndipo mukaikepo mwala wolembedwa dzina lake.