Chombo Chinadutsa Kumbuyo kwa Atate

Atate anali mphunzitsi wa za dziko ndi nyenyezi, ndipo atapuma ntchito sanapume kuphunzitsa. Ana asukulu atawathera anatembenukira kwa ife a m'nyumba. Kwathu ku Chelstone, mu Lusaka, lalanje silinkadyedwa lisanazungulire tochi. Amayi akabwera ndi malalanje kuchokera kumsika, atate ankasankha lalikulu, kulibaya ndi singano yolukira juzi, n'kutiimika pabalaza: uyu agwire dziko, uyu akhale mwezi, uyu dzuwa. Ine ndinkalimbirana kukhala dzuwa, chifukwa dzuwa limangoima pamodzi n'kugwira tochi, ndipo ulesi ndinabadwa nawo.

Ndi kwa iwo kumene ndinamva kuti dzuwa ndi nyenyezi wamba, kungoti ili pafupi. Anatiuza kuti Nthanda ija imawala m'mawa si nyenyezi konse koma dziko lina lozungulira dzuwa lomweli, ndiponso kuti kuwala kwa nyenyezi zina kumene tikuona lero kunanyamuka makolo athu asanabadwe. Koma nkhani ya pamtima pawo inali ya anthu opita m'mlengalenga. Ankafotokoza ngati anapitako dzulo. Kumwambako kuli chombo chachikulu chimene chimazungulira dziko usana ndi usiku, ndipo m'katimo mumakhala anthu kwa miyezi. Anthuwo amayandama, madzi akatayika nawonso amayandama, ndipo pogona amadzimangirira m'matumba kukhoma kuti asadzukire kukhitchini. Za mmene amayeretsera mikodzo yawo kuti ikhalenso madzi akumwa, amayi analetsa kuti zisamakambidwe nthawi ya chakudya.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankawamvera. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala bambo wina wa ku Luapula, Mbemba, amene anagwira ntchito ya ukalaliki kumigodi asanadzakhazikike ku Lusaka. Ife ndife Angoni a ku Chipata. Amene anakulira kuno akudziwa tanthauzo lake: Mngoni ndi Mbemba ndi mbuya, ndipo chimbuya chimalola kunyozana mopanda mlandu. Mbemba angakunene kuti ndiwe wodya mbewa pamaso pa abusa, iwe n'kumubwezera kuti ndi wodya anyani, ndipo onse awiri mungoseka. Ngakhale pamaliro mbuya amakuthira ufa kumutu uli pakati polira. Kukwiya ndiye kulakwa.

Choncho atate akayamba za mwezi, mutu wa imvi unkatulukira pamwamba pa mpanda.

"Iwe Mungoni, leka kunamiza bana. Munthu angayende shani ku mwezi? Ngati ni zoona, sembe Angoni banayenda kudala kukakumba mbeba."

"Mubemba tikamutuma ku mwezi," atate ankayankha, "mawa lake muzamvela ati agulitsa mapuloti."

Ankatero zaka ndi zaka, ndipo sindikhulupirira kuti ba mbuya ankakayikiradi za mwezi. Ankangofuna kuona atate atatupa mtsempha wa pakhosi.

Maso a atate anayamba kuchita chifunga pang'onopang'ono. Ine ndinali nditakwatiwa kale, ndikukhala ku Woodlands n'kumagwira ntchito m'tauni, ndiye ndinkabwera Loweruka lokha. Tsiku lina ndinawaona akuthira tiyi m'mbali mwa kapu. Loweruka lotsatira anapereka moni waulemu kwambiri kwa chitenje chimene amayi anayanika pachingwe, n'kuchifunsa za ana. Nyuzipepala analeka kugula, ati nkhani za masiku ano n'zabodza zokhazokha. Pa nyenyezi napo anali ndi chonena. Ati utsi wa mbaula ndi magetsi a m'masitolo akuluakulu zaononga thambo la Lusaka, nyenyezi zatha, zatsala ziwiri kapena zitatu.

Anamwino atabwera kutchalitchi kudzayeza anthu maso, anawayeza atate n'kuwauza amayi pambali kuti ndi ng'ala, maso onse awiri. Anati imachotsedwa, si ntchito yaikulu, koma ikasiyidwa imakhwima ndipo munthu amathera mumdima. Amayi anayesa kuwauza atate kamodzi. Atate anayankha kuti diso si mbatata yoti munthu aziisenda ndi mpeni, ndipo tsiku limenelo sanadye. Ine ndinayesa mozungulira, monga mwana wamkazi ayenera kuchitira, ndipo anandifunsa ngati ku Woodlands anthu amaphunzitsa makolo awo kupenya. Kunena zoona ndinkachita mantha kwambiri. Ndinkaona munthu amene anandiphunzitsa kuyang'ana kumwamba akulowa mumdima ndi jekete lake lositidwa bwino, ndipo tonse tinkangomupatsa ulemu.

Amayi ndi amene anapeza njira. Tinali kukhitchini, akusenda nyemba, ndipo ananena osandiyang'ana.

"Ine ndine mkazi wao, iwe ndiwe mwana. Sitingawauze kuti saona. Koma kuli munthu amene angawauze chilichonse."

Tinazungulira mpanda tonse awiri, titanyamula mbale ya nyemu zokazinga, mtedza wa kwathu, kuti tisalowe chimanjamanja. Ba mbuya anamvetsera za ng'ala ija, ndipo kwa nthawi yoyamba chikhalire ndinawaona atasowa nthabwala.

"Awe mayo," anatero. "Mbeba ni mbeba, tingaseke. Manje maso ya munthu? Iyo ni nkhani inangu."

"Ndiye chifukwa chake tabwela kuli imwe," amayi anayankha. "Wakutsina khutu ndi mnansi."

Ba mbuya anatafuna nyemu nthawi yaitali. Sanavomere, sanakanenso.

Chinali chaka cha chilala chija, pamene magetsi ankapita m'mawa n'kubwera anthu ataiwala kuti alipo. Mnzanga wa kuntchito anandionetsa pafoni mmene munthu angadziwire nthawi imene chombo chija chidutse pamwamba pa Lusaka. Chimaoneka ndi maso chabe dzuwa likangolowa, chifukwa kumwambako chimakhala chikuwombedwabe ndi dzuwa pamene ife pansi kwayamba kuda. Ndinawauza atate ndi mtima wabwino, ndikungofuna kuwasangalatsa. Za ba mbuya sindinaganizeko n'komwe. Atate anasangalala mopitirira muyezo. Anauza a kwaya, anauza mayi wogulitsa tomato pakona, anakuwanso kuseri kwa mpanda.

"Iwe wodya kolwe, anyani ako aja, Loweluka ubwele uzaone anthu anzeru akupita pamwamba pa mutu wako!"

Loweruka madzulo pabwalo pathu panadzaza. Kunali kozizira, mwezi wa Juni, ndipo amayi anatulutsa mipando yonse mpaka ka m'bafa. Magetsi kunalibe Chelstone yense. Atate anavala jekete ndi tayi, n'kutenga ndodo yawo yakale yolozera pabolodi. Anaima pakati n'kuyamba phunziro. Chombocho, anatero, sichiphethira ngati ndege ndipo sichimveka phokoso. Chimaoneka ngati nyenyezi yowala imene yaganiza zoyenda ulendo. Mayi wa tomato anafunsa ngati anthu a m'katimo amasamba, ndipo atate anayankha mwatsatanetsatane mpaka amayi anatsokomola. Wina atadandaula kuti khosi lauma, atate anamudzudzula kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono Chelstone ili panjira ya ndege. Zikamatsika kupita kubwalo la ndege zimadutsa pafupi, ndipo ife tinazizolowera ngati nkhuku za aneba. Nthawi itakwana, ndege ina inatulukira chakum'mawa, nyali yake yakutsogolo ili ngwee, tinyali tina tofiira tikuphethira m'mapiko. Atate anaitembenukira ndi thupi lonse. Anakweza ndodo.

"Icho! Icho chombo! Onani mmene chikuyendela mwaulemu!"

Nthawi yomweyo chombo chenicheni chinatulukira kumadzulo, kumbuyo kwawo. Chinali chokongola, kadontho kowala koyenda mosathamanga, kopanda phokoso, ndendende mmene iwo anafotokozera. Tonse tinachiona. Maso athu anali kumadzulo, nkhope zathu zili kum'mawa, ndipo a kwaya ankati "Eee, zoona, aphunzitsi," mwaulemu wonse. Phokoso la ndege linayamba kumveka. Atate anapitiriza kuloza, koma ndinaona ndodo ikutsika pang'ono. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ba mbuya anadzuka pampando. Anayang'ana amayi kaye, kenako anakweza mawu.

"Iwe Mungoni! Iyo ni ndeke! Ndeke yochoka ku Ndola! Sumvela na kulila? Mbeba zakupwisha maso, iwe. Chombo chako chili apa kumbuyo, chikuseka!"

Mwana wina anaseka n'kutsinidwa ndi amake. Atate anatembenuka msangamsanga, n'kuyang'ana kumadzulo, mutu uku ndi uku. Chombocho chinali pamwamba penipeni pa mtengo wathu wa mapeyala, chowala kuposa china chilichonse m'thambo. Anachiyang'ana ndithu osachiona. Ndinadikira kuti abweze za anyani, chifukwa mwambo umatero, ndipo ba mbuya nawonso anaima ngati munthu wodikira kumenyedwa khofi. Koma atate sanabweze.

"Chili pati?" anafunsa motsitsa mawu.

Ba mbuya anawagwira dzanja la ndodo n'kulikweza, n'kumaliyendetsa pang'onopang'ono kutsatira kadonthoko.

"Apa. Manje apa. Chiyenda monga ku Kabulonga, nacho chikonda kwa olemela."

Anachitsatira choncho awiriwo mpaka chinazimirira mumthunzi wa dziko, monga atate ankaphunzitsira kuti chimatero. Kunali kutada tsopano, ndipo chifukwa choti magetsi kunalibe, thambo linali lodzaza mpaka m'mphepete. Mlalang'amba unali utayala mzere wake woyera pamwamba pa madenga. Atate anaimabe chiyang'anire kumwamba.

"Mbuya," anatero, "nyenyezi zilipo?"

"Zilipo."

"Zambili?"

"Zambili maningi, mwe. Palibe na imodzi yamene yachoka."

Atate anapereka ndodo kwa amayi n'kulowa m'nyumba akupapasa chitseko, chinthu chimene kale ankachita mobisa. Alendo anabalalika mwakachetechete, aliyense atanyamula mpando kukausiya pakhonde. Ba mbuya anatsala. Anandiyandikira, akupukuta m'maso ndi chipewa, n'kunena kuti utsi wa mbaula za Angoni ndi woipa kwambiri. Ine ndinawakwiyira ndi kuwathokoza nthawi imodzi.

Ndinagona komweko mpaka Lolemba. Lamulungu atate sanapite kutchalitchi ndipo sanatchule kanthu. Amayi ankayenda monyang'ama m'nyumba mwawo momwe. Ndinayamba kuganiza kuti tangowachititsa manyazi pachabe pamaso pa a kwaya, ndipo mwina taphanso ubwenzi wa zaka zambiri.

Lolemba m'mawa, ndikukonzeka kupita kuntchito, ndinawapeza pabalaza atavala kale, nsapato zopukutidwa, chipewa pabondo.

"Uwaimbile a kuntchito kwako kuti uchedwa," anatero. "Tiyende kuli aja osenda mbatata."

Sindinafunse kawiri. Tikutuluka, mutu wa imvi unatulukira pampanda monga mwa masiku onse, koma mosamala, ngati munthu woyesa madzi osamba ndi chala.

"Shani, Mungoni? Uyenda kuti na tayi?"

"Niyenda kukakonzetsa maso," atate anayankha, "kuti nikabwela nione bwino ngati uli na muchila."

Ba mbuya anaseka mpaka kutsokomola, ndipo amayi pakhonde anabisa nkhope m'chitenje. Tinafika pageti, pamene pali ngalande ndi kathabwa kowolokera. Zaka zonsezo atate ankakana kugwiridwa dzanja, ndipo ukayesa ankakukutumula. Tsiku limenelo anaima m'mphepete mwa ngalandeyo, n'kutambasula mkono kumbali imene ankaganiza kuti ndili. Ndinali mbali inayo. Ndinazungulira mwakachetechete n'kuugwira.

"Usanithamangitse," anatero. "Siniona pansi."